Tsamba Loyankha Kuti Palibe

Mkazi wanga Enelesi atamwalira, abale ake anadikira kuti tikolole, kenako anandisudzula. Sanandilankhule mwachipongwe. Alamu anga anandikhazika pansi kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti ndinali mkamwini wabwino, wosadziwa mowa, wosakweza mawu, koma tsopano ndinali womasuka kubwerera kwathu. Mwana wathu Ndaziona anali ndi zaka zinayi. Anali wa mbumba yawo, ndipo zimenezo ndinkazidziwa kuyambira tsiku limene ndinadzika nsichi yoyamba pamudzipo.

"Muzibwera kudzamuona, alamu," anatero. "Njira sitinatseke."

M'mawa umene ndinachoka, Ndaziona ankasewera pakhonde, akuthira madzi m'kachitini n'kumawakhuthulira m'kachitini kena. Ndinamuitana. Anandiyang'ana, n'kubwerera ku zitini zake. Ndinaganiza kuti ndikamunyamula alira, ndiye sindinamunyamule.

Kwathu mayi anali atapita kale, ndipo alongo anga anali ndi amuna awo ndi ana awo. Anandiyalira mphasa m'khitchini. Ndinakhalapo masabata angapo, mpaka ndinaona kuti pogawa chakudya amandikumbukira mbale zonse zitadzaza kale. Sankachita dala. Ndinatenga jekete langa n'kulowa mumsewu.

Zaka zotsatirazo sindingazilondoloze bwino. Midzi inkafanana. Tauni iliyonse inali ndi chigayo, telala pakhonde la sitolo, ndi galu wogona pakati pa msewu, moti nthawi zina ndinkakhulupirira kuti ndi galu yemweyo amene wanditsogolera. Ndikafika pamalo, ndinkakhala pansi pafupi ndi anthu ogwira ntchito, osapempha kanthu, mpaka wina andipatse tsache. Ndinaumbapo njerwa, ndinasokapo matumba a fodya, ndinadyetsapo nkhumba za munthu amene sindinamuone nkhope. Chaka choyamba sindinapite kukaona mwana chifukwa ndinalibe choti ndimunyamulire. Chaka chachiwiri sindinapite chifukwa sindinapite chaka choyamba.

Tauni yoyamba imene ndinakhalitsa inali ya fumbi, pamphambano ya misewu inayi. Pa depoti panali kanyumba ka malata kolandirira katundu wotumizidwa pa basi. Woyang'anira anali Mayi Nangozo, mayi wamfupi wa mawu okhuthala, amene ankavala jekete lachimuna ngakhale kutenthe bwanji. Ndinakhala pa njerwa pafupi ndi chitseko chawo masiku atatu. Tsiku lachinayi anandiponyera tsache.

Pa mtanda wa denga panalendewera sikelo ya mbedza. Ntchito yanga inali kukoleka katundu n'kutchula nambala. Tsiku loyamba kunabwera munthu ndi chithumba chachikulu, m'kati mwake muli timatumba ta nyemba, ta mtedza ndi ta mpunga. Ine ndinayamba kumasula.

"Mukutani, achimwene?" anafunsa Mayi Nangozo.

"Ndimati ndiyeze chimodzichimodzi."

"Sikelo sifunsa za m'kati. Kolekani. Kaya ndi singano, kaya ndi thumba la matumba khumi, mbedza ndi yomweyo."

Pa shelefu yakumbuyo panali makatoni asanu ndi awiri, omangidwa ndi chingwe cha mtundu umodzi, olembedwa ndi dzanja limodzi. Ankabwera kamodzi pa chaka, nyengo yokolola, ndipo palibe ankabwera kudzawatenga. Dzina lolembedwapo linali losadziwika m'tauni yonseyo. Chaka chimene chiswe chinalowa m'kanyumbako, Mayi Nangozo anati tiwatsegule tisanawataye. M'katoni iliyonse munali katoni ina yaing'ono, m'menemo munali chitini cha mabisiketi, ndipo m'chitinimo munali diresi la mwana lopindidwa bwino. Tinawayala pa benchi motsatana. Loyamba linali la mwana wongoyamba kuyenda. Lomaliza linali la mtsikana wa sukulu.

"Wotumizayu akumukulitsa mwanayo m'mutu mwake," anatero Mayi Nangozo. "Sakudziwa kuti sizikufika."

"Mwina akudziwa," ndinatero.

Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Inu muli ndi mwana?"

"Ndili naye."

"Nanga mukutani pano?"

Ndinawerama n'kuyamba kupinda madiresi aja. Mwezi womwewo ndinagula nsapato zapulasitiki, ndinaziika m'katoni, ndinaikoleka pa mbedza ndekha, n'kuipereka kwa kondakitala wa basi yopita kumunsi, kumene kunali Ndaziona. Kukula kwa phazi lake sindinkakudziwa, ndinangoyerekeza ndi chikhatho changa. Yankho silinabwere. Ndinatumiza katatu, zaka zitatu, kenako ndinasiya, chifukwa ndikamanga chingwe ndinkaona shelefu ina, m'kanyumba kena, makatoni anga atasanjikana.

Pamene ankakulitsa msewu, kanyumbako kanagwetsedwa. Mayi Nangozo anapita kukakhala kwa mwana wawo kumapiri. Madiresi aja anawatenga, anati sangawataye. Sikelo anaisiya pa mtanda, ndipo inagwa pamodzi ndi denga.

Ndinayendanso. Nyengo zingati sindikudziwa. Ndinangozindikira kuti anthu asiya kundiitana kuti achimwene, ayamba kunena kuti bambo.

Mumzinda waukulu, pamwamba pa sitolo ya misomali ndi penti, panali kachipinda kokhala ndi zenera limodzi. Mmenemo munkagwira ntchito a Dzinkambani, bambo wachikulire wowonda, amene ankalemba mapulogalamu a kompyuta a masitolo ndi tizipatala. Ndinakhala pa masitepe awo masiku angapo. Iwo ankandilambalala pokwera ndi potsika, dzanja lili pakhoma, chifukwa maso awo anali atayamba kuchita ng'ala. Tsiku lina anapunthwa pa ine.

"Ngati mukhala pamenepa, bolani muzisesapo," anatero.

Ndinasesa miyezi iwiri. Kenako anandifunsa ngati ndimatha kuwerenga. Ndinati ndinalekezera fomu yachiwiri. Anandikhazika pampando wawo n'kundiuza kuti ndiziwerenga mokweza zonse zolembedwa pa kompyuta, ndi timadontho tomwe, ndi timikombero tomwe. Poyamba ndinkangotchula ngati mwana wobwereza pemphero la chilankhulo china. Iwo ankamvetsera atatsinzina, n'kunena kuti, "Bwererani mizere itatu, pamenepo pali bodza." Pambuyo pake anayamba kundiuza zoti nditaipe. Pambuyo pakenso anayamba kundifunsa maganizo anga ndisanataipe.

Itakwana nthawi, anandipatsa ntchito yoti ndilembe ndekha. Inali ya nyumba ina yosungiramo mankhwala. Mibulu ya mankhwala inali m'timapaketi, timapaketi m'mabokosi, mabokosi m'makatoni, makatoni pa mashelefu, mashelefu m'zipinda. Koma sizinali zadongosolo choncho nthawi zonse: pena bokosi linkakhala lokha pa shelefu, pena katoni inali ndi makatoni ena m'kati. Mwini wake ankafuna kuti akaloza chinthu chilichonse, kompyuta imuuze kuti mmenemo muli mibulu ingati.

Ndinalemba sabata yathunthu. Nditamaliza ndinawawerengera: ngati ndi m'bulu, chita chakuti; ngati ndi paketi, chita chakuti; ngati ndi bokosi, yang'ana kaye ngati muli mapaketi kapena mabokosi ena. Anandidula pakati.

"Mwalemba 'ngati' kangati?"

"Kasanu ndi kamodzi."

"Mawa akabweretsa mtundu wina wa bokosi, mulembanso wina, malo onse amene mwafunsa. Tsiku lina mudzaiwala malo amodzi, ndipo wodwala adzauzidwa kuti mankhwala atha pomwe ali pa shelefu. Fufutani."

Ndinafufuta. Iwo anatambasula manja awo pa tebulo.

"Mitundu ya zinthu ndi iwiri yokha. Pali chinthu chopanda chinzake m'kati, chimenecho tichitche tsamba. Pali chimene chimasunga zinzake, chimenecho tichitche nthambi. Nthambi ikhoza kusunga masamba, ikhozanso kusunga nthambi zina. Zonse ziwiri muziphunzitse kuyankha funso limodzi, lofunsidwa m'mawu amodzi. Tsamba mukalifunsa, liziyankha za lokha. Nthambi mukaifunsa, isaganize. Izitembenukira ana ake, kufunsa aliyense funso lomwelo, n'kuphatikiza mayankho. Inu wofunsa simuyenera kudziwa ngati mwagwira tsamba kapena nthambi."

Ndinawauza za mbedza ya Mayi Nangozo. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Amayi amenewo anaphunzira kuti? Ife tinakazimva ku koleji, ankati kompoziti."

Nditalembanso, zonse zinakwana theka la tsamba limodzi la pepala. Ndinafunsa nyumba yonse ya mankhwala ija funso limodzi, ndipo yankho linabwera ndisanachotse chala. Ndinaganizira mmene funsolo latsikira kuchoka m'chipinda kupita pa shelefu, m'katoni, m'bokosi, mpaka pa kam'bulu kakang'ono kamene kanati, ndilipo.

"Bambo," ndinatero, "nthambi imadziwa ana ake. Nanga tsamba limadziwa nthambi imene lili?"

"Pokhapokha mutalipatsa njira yobwerera. Kawirikawiri sitivutika nazo. Funso limatsika, yankho limakwera, basi. Tsamba likhoza kukhala moyo wake wonse osadziwa kholo lake."

"Nanga mukachotsa chinthu pa nthambi, osachiika pa nthambi ina?"

"Chimakhalabe m'kompyutamo kwa kanthawi, koma palibe funso limene lingachifikire. Pambuyo pake makina amasesa malo ake." Anatembenuzira mutu kwa ine. "Bwanji mwasiya kutaipa?"

"Palibe, bambo."

Maso awo atatsekeka kotheratu, mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga. Tsiku lomaliza anandipempha kuti ndiwawerengere pulogalamu ya mankhwala ija kuyambira pamwamba, pang'onopang'ono, ngati kalata. Nditafika kumapeto anagwedeza mutu, nandikankhira laputopu yawo yakale. Anatsika masitepe akuwawerenga chapansipansi. Sindinamvenso za iwo. Kachipindako analowamo munthu wokonza mafoni.

Kenako kunabwera chaka cha madzi. Mitsinje ya kuchigwa inasefukira n'kukumana, midzi inamira, ndipo bungwe lina lothandiza anthu linkafuna munthu wodziwa kompyuta woti alembe kaundula wa opulumuka. Anandikweza pa lole yonyamula ufa. Ndinatsikira pa sukulu ina yomangidwa pa chitunda, pomwe bwalo lonse la mpira linali litadzaza matenti. Mkulu wa ntchito anali Mayi Mlumbe, mayi wachitsikana wa maso ofiira ndi kutopa, amene ankayenda ndi cholembera chitasomekedwa m'tsitsi. Anandipatsa tebulo pakhonde la kalasi.

Sindinavutike kuganiza. Munthu anali tsamba. Banja linali nthambi. Mabanja anali m'matenti, matenti m'mizere, mizere mumsasa. Zonsezi ndinaziphunzitsa mafunso awiri. Loyamba: pano pakufunika chakudya cha anthu angati? Lachiwiri: tchulani mayina. Mayi Mlumbe ankatha kufunsa tenti imodzi kapena msasa wonse ndi batani lomwelo.

Pakati pa opulumukawo panali Mayi Alufandika, mayi wamtali amene anapezeka mumtengo atakhalamo masiku awiri. Mwamuna wawo ndi ana anayi anapita ndi madzi, ndipo mitembo sinapezeke. Mayi Mlumbe anandiuza kuti mabanja otsala munthu mmodzi ndiwachotse, anthuwo ndiwalembe m'tenti ya amayi okhala okha. Mayi Alufandika atamva, anabwera pa tebulo langa. Sanakhale pa benchi.

"Akuti mufufuta banja langa."

"Sitikufufuta, mayi. Tikungokusunthani, kuti chakudya chiziwerengeka bwino."

"Inu munawaona atafa?"

"Ayi."

"Inenso sindinawaone. Ndinaona madzi. Lembani mayina awo."

"Ndikawalemba, kompyuta iziti pakufunika chakudya cha anthu asanu ndi mmodzi."

"Ufa wawo sindikuufuna. Ndikufuna akhale pamene ndili ine."

Ndinawapempha kuti akhale pansi andidikire. Anakhala m'mphepete mwa benchi, manja ali pa maondo. Ndinalemba mtundu wina wa tsamba, ndinautcha wosowa. Tsamba limeneli likafunsidwa za chakudya linkayankha kuti palibe. Likafunsidwa dzina, linkatchula. China chilichonse sindinachikhudze. Banja linkafunsa ana ake monga kale, osasamala kuti woyankhayo ali pa mphasa kapena ali pansi pa matope.

"Tchulani, mayi."

"Zefaniya, ndiwo bambo a ana. Malita. Joakimu. Nsayi. Lozina." Anaima pang'ono. "Lozina sanayambe kulankhula."

"Palibe kanthu. Ndamulemba."

Lachisanu lililonse ndinkasindikiza mayina onse n'kuwamata pakhoma la kalasi. Sabata imeneyo, pansi pa banja la Alufandika panatuluka mayina asanu ndi limodzi, asanu ali ndi kanyenyezi ka wosowa kumapeto. Mayiwo sankadziwa kuwerenga. Anafunsa munthu kuti awalozere pomwe pali mayinawo, n'kuyendetsapo chala kuchoka pamwamba kufika pansi, kawiri.

M'mawa mwake ndinapeza mzere wa anthu pa tebulo langa. Masiku oyamba ankatchula otengedwa ndi madzi. Kenako anayamba kubwera ena. Nkhalamba ina inatchula mwana wake amene anapita ku Joni kalekale osalembako kalata. Mayi wina anatchula mng'ono wake amene anatuluka kupita kuchigayo tsiku lina zaka khumi zapitazo. Sindinakane aliyense.

"Bambo, kaundulayu ndi wa amoyo," anatero Mayi Mlumbe.

"Funsani za chakudya, muone."

Anadina batani. Nambala inali yomweyo ya dzulo. Anaima pamenepo akuyang'ana mzere wa anthuwo, kenako anazula cholembera m'tsitsi n'kuchisomekanso.

"Mapepala akatha musabwere kwa ine," anatero, n'kuchoka. Mawa lake ndinapeza mapepala atsopano pa tebulo.

Mndandanda unadzaza khoma, unakhota pangodya, unafika kuseri kwa kalasi. Mapepala a m'munsi mbuzi zinkadya, ine n'kumatanso ena. Anthu ankabwera kudzaima pamenepo masana, osalankhula, ena atabereka ana. Ndikamadutsa pakati pa matenti dzuwa lili pamutu, ndinkapezeka ndikupatukira anthu amene panalibe, ngati mmene munthu amachitira pamsika wodzaza. Mayi Alufandika anayamba kusesa patsogolo pa khomalo m'mawa uliwonse. Palibe anawatuma.

Misasa ina ya m'chigwamo inatenga pulogalamu yanga, pamodzi ndi funso limene olemba anayamba kufunsa pomaliza: pali wina wa m'banja mwanu amene simukudziwa kumene ali? Patapita nthawi, akuluakulu a bungwe anafuna kaundula mmodzi wa chigwa chonse. Inali ntchito yaing'ono. Ndinapanga nthambi imodzi pamwamba, ndinakolekapo misasa yonse, n'kuifunsa mayina. Anayamba kutsika pa kompyuta ngati mvula, ndipo ine ndinkangowayendetsa kuona ngati palibe obwerezedwa.

Pa msasa wina wa kutsidya ndinaona dzina la alamu anga. Ndinaimitsa. Apongozi anga panalibe, ngakhale ndi kanyenyezi komwe. M'tenti ina ya mzere womwewo munali banja la mayina atatu. Loyamba linali Ndaziona. Lachiwiri linali Enelesi, mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Lachitatu linali langa, lathunthu, lolembedwa bwino, lili ndi kanyenyezi.

Ndinakhala nthawi yaitali ndikuliyang'ana. Ndinadina dzinalo n'kulifunsa za chakudya, ndipo linati palibe. Kusintha kunali kwa batani limodzi. Chala ndinachiika pamenepo. Koma ndinaganiza kuti ndikadina, mawa m'tenti imeneyo mufika ufa wa anthu atatu, ndipo Ndaziona adzadziwira pa thumba kuti ndili moyo. Ndinatseka laputopu n'kupita kwa Mayi Mlumbe.

"Ndikupempha mundisamutsire kutsidya."

"Kuli vuto ndi kaundula?"

"Kuli dzina limene ndikufuna ndikalione ndi maso."

Bwato linayenda theka la tsiku pamwamba pa minda. Wopalasa ankatchula malo amene tikudutsa, apa panali tchalitchi, apa panali mjigo, koma ine ndinkangoona madzi ofiira ndi nsonga za migwalangwa. Penapake tinadutsa denga la udzu likuyandama, nkhuku imodzi itaima pamwamba pake.

Msasa wa kutsidya unalinso pa sukulu, pa chitunda, matenti pa bwalo la mpira, mapepala pakhoma la kalasi. Ndinawerenga mizere mpaka ndinafika pa tenti yake. Mayi wachitsikana anali atawerama akuchapa matewera m'beseni, atandifulatira. Khosi lake linali la malemu Enelesi. M'kati mwa tenti, mwana anali atagona pa chitseko choyalidwa pa njerwa kuti asakhudze matope. Chitsekocho ndinachidziwa, chinali cha nyumba yathu ija. Ndinachipala ndine, ndipo hinjesi ya m'munsi ndinaikhoma mopendekeka chifukwa dzuwa linali likulowa.

"Odi."

"Odini." Anaweramuka n'kupukuta manja pa chitenje. Anaona chizindikiro cha bungwe pa malaya anga. "Ndinu a kaundula?"

"Eya."

"Pali cholakwika?"

"Dzina lachitatu pa banja lanu."

"Ndi bambo anga. Anasowa."

"Ndi madziwa?"

"Ayi. Kale, ndili wamng'ono." Anayang'ana m'beseni. "Wolemba uja anafunsa kuti pali wina amene simukudziwa kumene ali. Chibadwire palibe anandifunsapo zimenezo. Ndiye ndinatchula. Ngati n'zosaloledwa, fufutani."

"N'zololedwa," ndinatero. "Dzinalo ndi langa."

Sanadzidzimuke. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga mmene munthu amayang'anira katundu amene akuuzidwa kuti ndi wake koma sakumukumbukira. Kenako anapita ku tenti yachitatu, nabwera ndi nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Ndinatenga kanthawi kuti ndizindikire kuti ndi alamu anga. Iwo anayandikira kwambiri, mpaka ndinamva mpweya wawo.

"Alamu," anatero. "Mwakalamba."

"Inunso, alamu."

"Tinakuuzani kuti njira sitinatseke."

"Munandiuza."

Ndaziona anali atabwerera pa beseni, akufinya thewera. Ndinadikira kuti alamu achoke.

"Ndikhoza kukonza kaundula lero lomwe," ndinatero.

"Musakonze." Anayanika thewera pa chingwe cha tenti n'kuliwongola m'mbali. "Bambo wosowa ndinawazolowera. Ndinkawauza zinthu. Inu mwabwerayu sindikukudziwani."

"Ndamva."

"Sindikukuthamangitsani."

"Ndamvanso."

Ndinakhala pa msasawo. Anandipatsa tebulo pakhonde la kalasi, lofanana ndi lija ndinasiya. M'mawa uliwonse ndinkadutsa pa tenti yake n'kupereka moni, ndipo iye ankayankha monga mmene amayankhira munthu wamkulu aliyense. Tsiku lina mwana analira ine ndikudutsa, iye ali kokatunga madzi. Ndinaima pakhomo la tenti osalowa, ndikumulankhula chapatali mpaka anatonthola. Ndaziona atabwera anandipeza pamenepo. Analowa m'tenti, ndipo ine ndinapitiriza ulendo wanga. Lachisanu lililonse ndinkasindikiza mayina, ndinkapaka phala la ufa kumbuyo kwa pepala, n'kumata ndekha dzina langa ndi kanyenyezi kake.

Madzi anaphwa pang'onopang'ono, n'kusiya matope onunkha ngati chitsulo. Anthu a mudzi wa alamu anga anauzidwa kuti asabwerere kumene anali, apatsidwa malo kumtunda, ulendo wa maola atatu wapansi. Tsiku losamuka matenti anagwetsedwa m'mamawa. Ndinapereka laputopu kwa wolemba wina n'kukaima kumapeto kwa mzere wawo, manja ali m'thumba.

Ndaziona anabereka mwana, anaika zovala ndi mbale m'beseni, n'kusenza. Chitseko chinatsala pa njerwa. Anachiyang'ana. Anayang'ana amuna amene ankadutsa, aliyense ali ndi mtolo wake. Kenako anatembenuka pang'ono, beseni lili pamutu.

"Bambo, tandinyamulireni chitsekochi."

Sindinadziwe ngati wanena bambo monga mmene amaitanira mwamuna aliyense wa imvi, kapena mwa njira ina ija. Sindinafunse. Ndinawerama, ndinachidzutsa, n'kuchiika pamutu. Chinali cholemera, chitamwa madzi, ndipo chinkanditchinga kutsogolo, moti ndinkangoona zidendene zake zikulowa ndi kutuluka m'matope. Pamene njira inali yoterera, zidendenezo zinkaima n'kundidikira.